Ziro za M'buku la Mvula

Ndinayeza mvula zaka makumi atatu ndi zinayi pa famu ya kafukufuku wa mbewu. Anthu amati ndi ntchito ya alesi, ndipo ine ndinasiya kalekale kulimbana nawo. Kuseri kwa ofesi kunali kampanda ka waya, pakati pake chitini chamkuwa chokhala ndi fanelo pamwamba. Tsiku lililonse, eyiti koloko m'mawa, ndinkatsegula kampandako, kuchotsa fanelo, kutsanulira madzi m'galasi la mizere, kugwada kuti diso lilingane ndi madziwo, kenaka n'kulemba nambala m'buku. Mvula ikapanda kugwa unkalemba ziro. Ukapanda kuyeza, kaya wadwala kaya ng'ombe yagubuduza chitini, unkalemba kamzere. Ziro amatanthauza kuti ndinapita, ndinayang'ana, munalibe madzi. Kamzere kamatanthauza kuti sindikudziwa. Izi anandiphunzitsa tsiku loyamba, choncho sindinganamizire sukulu yanga yolekeza panjira.

Atagula makina odziyezera okha anandiitana ku ofesi, kundigwira chanza, n'kundipatsa ambulera. Munthu wagwadira mvula moyo wake wonse, mphatso yake ambulera. Mabuku anga asanu ndi anayi anawaponya m'chipinda cha feteleza, ndipo chiswe chikanawamaliza pakanapanda mwana wanga wamkazi, amene anapita yekha kukawapempha. Mwana ndili naye mmodzi yekhayo. Anaphunzira za nyengo ku yunivesite, ndipo nthawi imene ndikukambayi ankalemba buku lalikulu loti akalimaliza azitchedwa dokotala. Mabuku anga anapita nawo ku tawuni. Ine ndinkayesa chikumbutso chabe, monga mmene ena amasungira jekete ya bambo awo. Sindinafunse.

Anabwera Loweruka lina cha m'ma teni, ndili pakhonde mlamu wanga akundimeta. Mlamuyo ndi mchimwene wa malemu mkazi wanga. Ankayendetsa thirakitala pa famu yomweyo, ndipo chipumireni pantchito amabwera Loweruka lililonse ndi sizasi yake kudzasaka tsitsi pamutu panga.

"Adokotala afika!" anakuwa mlamu. "Bwerani kuno mundiyeze msanawu, ukulira ngati chitseko."

"Amalume, ndinakuuzani kale, udokotala wanga si wa misana."

"Nanga ndi wa chiyani? Dokotala wosabaya jakisoni? Alamu, mwana uyu mwamuphunzitsa mpaka wadumpha ntchito."

Mwana anaseka, kundipatsa moni, n'kukoka tebulo laling'ono kulibweretsa patsogolo panga. Anatulutsa kompyuta m'chikwama. Manja ake ankachita changu ngati tsiku limene anabwera ndi zotsatira za mayeso ali wamng'ono.

"Ababa, khalani bwino ndikuonetseni ntchito yanu."

"Ntchito yanga anaipatsa makina."

"Makina sangafike apa. Tamverani. Dzuwa timaliona ngati mbale yoyera yosasintha, koma lili ndi mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo siikhala chimodzimodzi. Imakwera, imatsika, mpaka imatembenuka, kumutu kukhala kumiyendo. Ikakwera, padzuwa pamatuluka mawanga akuda ambiri. Ikatsika, mawangawo amasowa. Kuzungulira kumeneku kumatenga zaka pafupifupi khumi ndi chimodzi."

"Ndiye kuti dzuwa limadwala chikuku," anatero mlamu. "Bwanji osalipatsa katemera kamodzi n'kamodzi?"

"Amalume, inu metani. Funso langa n'lakuti, kodi zimenezi zimakhudza mvula? Akatswiri ena amati inde, pang'ono. Ambiri amati umboni wake ndi wofooka, zimangokumana mwangozi. Vuto n'lakuti malo ambiri alibe mabuku aatali. Kwina anayeza zaka khumi n'kusiya, kwina masamba ali timizere tokhatokha. Koma anu, Ababa, zaka makumi atatu ndi zinayi popanda kamzere n'kamodzi komwe. Aphunzitsi anga anakana. Anati munthu wotero kulibe. Ine ndinati alipo, ndimadya naye mbale imodzi."

Anatembenuzira kompyuta kwa ine. Panali mizere iwiri yokhotakhota, wofiira pamwamba, wabuluu pansi. Wofiira unali wa dzuwa, wabuluu wa mvula ya m'mabuku anga. Paliponse pamene wofiira watsika, wabuluu nawo unkagwera m'dzenje. Maenjewo anali atatu.

"Chilala choyamba ichi," anatero akuloza ndi chala. "Mukudziwa chaka chake? Ndi chimene ndinabadwa ine. Chachiwiri ichi, zaka khumi ndi chimodzi pambuyo pake, ndi chaka cha amayi. Chachitatu ndi chija ndinkamaliza koleji, chija munkanditumizira uthenga kuti zitsime zauma. Malo ena anayi amene ndatenga amangonong'ona. Anu ndi amene akukuwa. Kuchotsapo anu, ndilibe chonena."

Sizasi inasiya kulira pamutu panga. Ndinamva mpweya wa mlamu pakhosi, koma sindinacheuke.

"Ndiye chaka chamawa zikwana zaka khumi ndi chimodzi zinanso," mwana anapitiriza. "Ndalemba kuti tiyembekezere chilala. Kwatsala masabata atatu kuti ndikaime pamaso pa akuluakulu a sukulu, andipanikize ndi mafunso. Ndikapambana, zilowa m'magazini ya akatswiri, dzina langa pansi pake. Koma taonani tsamba loyamba."

Zilembo zinali zazing'ono ndipo magalasi anga anali m'nyumba, choncho anandiwerengera. Kwa bambo anga, amene sanajombepo tsiku n'limodzi lomwe.

"Mwamva, Ababa?"

"Ndamva."

"Basi? Ndamva basi?"

"Bambo akowa akakondwa amaoneka ngati awaponda chala," anatero mlamu. "Tapita ukatigulire shuga, tiyi wa m'nyumba muno ndi chilango."

Mwana anatenga kachikwama n'kutuluka pageti. Mlamu anazungulira mpando, kuima patsogolo panga sizasi ili m'manja.

"Alamu."

"Malizani kumeta."

"Maenje awiri aja mukuwadziwa amene anakumba."

Ndinkawadziwa. Bwana amene anandilemba ntchito tinkamutcha Bwana Sokosi, chifukwa ankavala kabudula ndi sokosi zofika m'maondo ngakhale kutenthe bwanji. Mvula sankaisamala. Chimene ankasamala ndi fomu ya kumapeto kwa mwezi yopita ku likulu, kuti isakhale ndi bokosi lopanda nambala. Amene ankayeza ine ndisanabwere anachotsedwa chifukwa cha timizere titatu. Bwana Sokosi anandionetsa fomu yakeyo tsiku langa loyamba, n'kunena kuti kamzere ndi siginecha ya munthu amene watopa ndi ntchito.

Mkazi wanga ali ndi pakati pa mwana ameneyu, miyendo inatupa, maso anayamba kuchita chidima. Anatiuza kuti apite ku chipatala chachikulu, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Munali m'kati mwenimweni mwa dzinja. Ndinakapempha tchuthi. Bwana anati ndipeze wondigwirira amene amadziwa kuwerenga galasi. Pa famu yonse wodziwa ndinali ine ndekha. Sabata yotsatira iye anapita ku tchuthi chake cha miyezi iwiri, ine ndi mkazi wanga n'kukwera basi. Ndinkabwerako mwa apo ndi apo, kuyeza masiku awiri kapena atatu, n'kubwereranso. Nthawi iliyonse ndinkapeza chitini chitadzaza mpaka kusefukira, nthawi ina muli kachule. Madzi a masiku khumi sungawagawe kuti awa ndi a Lolemba, awa a Lachinayi. Ndinkangowakhuthula.

Kenaka unabwera usiku wa fomu. Ndinakhala pa desiki, mabokosi opanda kanthu akundiyang'ana. Kamzere kakanandichotsa ntchito ndili ndi khanda. Ndikanatha kupeka manambala, apa mamilimita khumi, apo makumi awiri, monga ndikumva ena ankachitira. Koma ine ndinkadziona ngati munthu woona. Kupeka mvula imene sindinaiyeze ndinkati ndiko kunama. Ziro ndinkati si nambala, ndi kungonena kuti ndilibe chopereka. Ndinadziuza choncho mpaka ndinakhulupirira, ndipo ndinalemba ziro kuchokera pamwamba mpaka pansi, mozungulira bwino. Kunja mitsinje ikukokolola milatho. Ku likulu palibe anafunsa. Ndani amawerenga za ife?

Patatha zaka khumi ndi chimodzi, matenda ena anamugwira mkazi wanga, dzinja lomwelo, chipatala chomwecho. Bwana anali wina, lamulo lomwe lija. Ulendo umenewo ndinabwerako ndekha. Dzanja linali litazolowera kale.

Chilala chachitatu chokha ndicho chinali chenicheni.

"Mumuuze," anatero mlamu.

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti zaka zinayi zimene wagwira wagwirira ziro za bambo ake?"

"Eya. Choncho."

"Inu n'kosavuta. Thirakitala ikakhota mzere, mvula imafafaniza."

"Musandiyambe, Alamu. Chitini chija tsiku lina ndinakhuthula nanu ine. Chule uja ndinamutulutsa ndi dzanja langali."

"Ndiye mukufuna mukaulule? Ndinadziwa. Chikhalireni mumadikira tsiku loti mundigwetse. Simunakondwepo kuti mlongo wanu anakwatiwa ndi woyeza mvula."

"Zoona, sindinakondwe. Ndinkafuna akwatiwe ndi wa thirakitala mnzanga. Koma zimenezo zinatha zaka makumi atatu zapitazo, ndipo ndikumetani mutu mpaka lero, mutu woti mulibemo ntchito. Ine sindiulula. Si nkhani yanga. Koma mukamusiya mwana uyu akaime pamaso pa anthu ndi chinthu chowola m'manja, tsiku lina wina adzafukula, ndipo manyazi adzagwera iye, osati inu. Inu mudzakhala mutagona pafupi ndi mlongo wanga, mukumufotokozera."

"Palibe adzafukule. Famu yoyandikana nayo inatseka, mabuku ake anayatsira moto. Akuluakulu a sukuluwo amadziwa chiyani za chitini? Sanagwadepo m'matope."

"Ndiye mwapambana," anatero mlamu. Anapukuta sizasi pa buluku lake, kuiika m'thumba, n'kumapita osadikira tiyi. Mbali imodzi ya mutu anaisiya yosameta.

Masana onse ndinayesa njira ina. Ndinaganiza kuti ndikanyoza dzuwalo, mwina mwana angasinthe maganizo popanda ine kutsegula pakamwa pa za ziro. Ankasita malaya anga pabalaza, ine ndili pampando wanga wa pazenera.

"Za dzuwazi ine sindikuzikhulupirira," ndinatero. "Anthu a m'mabuku amapeka zinthu kuti aziitanidwa ku misonkhano. Lero dzuwa, mawa adzati mwezi, mkuja adzati nkhuku zikulira molakwika."

"Kukayika n'kwabwino, Ababa. Nanenso ndinayamba ndi kukayika."

"Ukanalemba za feteleza. Feteleza amaoneka."

"Mwayamba liti kukonda feteleza?"

"Aphunzitsi akowo akukutchera msampha. Akufuna ukaime kutsogolo, akuseke. Anthu amenewo mwana wa woyeza mvula samufunira zabwino. Ine ndawaona ambiri, amabwera ndi magalimoto oyera, kukumwetulira, kenaka kukupatsa ambulera."

Anaimika simbi. Nkhope yake ikakwiya imafanana ndi ya mayi ake, mlomo wam'munsi umalowa m'kati.

"Ndabwera ulendo wonsewu kuti mukondwe. Aphunzitsi anga anandiuza kuti ndiyerekeze manambala anu ndi zithunzi zakale za mitambo zojambulidwa m'mlengalenga, kuti titsimikize. Ndinati ndichita ndikapeza nthawi, koma mumtima ndinakwiya. Ndinati mabuku a anthu ena ndiye muziwafufuza, awa ayi. Ine sindikudalira dzuwa, Ababa, sindikudalira aphunzitsi. Ndikudalira inu. Ndiye inuyo mukuti nkhuku."

Anamaliza kusita, kupachika malaya, n'kulowa kuchipinda kwake.

M'mawa mwake linali Lamulungu, ndipo basi yake inali ya leveni. Ndinamupeza kukhitchini akudula buledi. Chikwama chinali kale pakhomo. Ndinakhala pampando, kuyang'ana mpeni ukutsika ndi kukwera.

"Mabuku aja uli nawo pano?"

"Ndili ndi zithunzi zake m'kompyuta. Bwanji?"

"Tsegula la chaka chimene unabadwa."

Anandiyang'ana, kupukuta m'manja, n'kukatenga kompyuta. Tsamba linabwera, dzanja langa la unyamata, ziro zondondozana ngati mazira m'thireyi.

"Kuyambira apa," ndinatero ndikuloza, "mpaka chakuno, sindinaliko. Ndinali kuchipatala ndi mayi ako."

"Ndiye ankayeza ndani?"

"Palibe."

"Koma mwalemba ziro."

"Ndalemba."

Ketulo inayamba kulira pa mbaula, palibe anaiteula.

"Mwina mvula sinagwedi," anatero pang'onopang'ono. "Mwina munafunsa anthu. Amalume analipo. Munawafunsa, eti?"

"Inagwa. Inagwa yambiri. Mlatho wa panjira ya kuchipatala unapita, tinazungulira. Chitini ndinkachipeza chosefukira."

"Masiku angati?"

"Kupitirira makumi anayi. Sindinawerenge bwino. Ena ndinayezadi, ali pakati pomwepo."

"Nanga bwanji osalemba kamzere? Inu nomwe munandiphunzitsa, ndili mwana, ndikukunyamulirani galasi. Munkati kamzere si manyazi."

"Kwa iwe ndinkatero. Bwana ankanena zina."

Ndinamufotokozera za Bwana Sokosi, za munthu wa timizere titatu, za maganizo anga akuti ziro si bodza. Pofotokoza ndinamva ndekha kuti mawuwo ndi opepuka ngati mankhusu. Zaka zonsezi anali olemera chifukwa ndinali ndisanawatulutse.

Sanandidule. Nditamaliza anasuntha chala pa kompyuta, masamba akuthamanga, mpaka anaima pa buku lina. Ndinadziwa kuti ndi liti.

"Ichinso?"

"Ichonso."

"Chaka cha amayi."

"Eya."

Anakulitsa tsambalo, kutsika nalo mzere ndi mzere, n'kuima pa tsiku limodzi. Anandilozera osandiyang'ana.

"Tsiku ili ndi limene tinaika amayi m'manda. Mwalemba ziro." Mawu ake anali otsika kwambiri. "Ababa, ine ndimakumbukira mvula. Ndimakumbukira nsapato zanga zoyera zitamira m'matope, azakhali atandifunditsa pepala la pulasitiki, madzi akulowa m'dzenje anthu akuwakapa ndi ndowa. Nditatenga mabukuwa, tsiku loyamba kulitsegula linali limeneli. Ndinapeza ziro. Ndinakhala pansi m'chipinda changa ndikudziuza kuti ndiye kuti ndinalota. Kuti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amasokoneza zinthu. Ndinayamba kukayikiranso zina zonse, diresi imene anavala, mawu amene anandiuza kuchipatala. Ndinati ngati mvula ndinapeka, ndapekanso chiyani? Zaka zinayi ndakhala ndikuwachotsa amayi m'mutu mwanga pang'onopang'ono, chifukwa buku la bambo anga silinama."

"Inagwa," ndinatero. "Sunalote. Nsapato zinali zoyera. Ankakapa madzi anali amalume ako."

Apo ndi pamene analira. Sanakuwe. Anangotsamira sinki, kundifulatira, mapewa akugwedezeka. Ndinaimirira kuti ndimugwire, koma anakweza dzanja limodzi osacheuka, ine n'kubwerera pampando. Ketulo inauma madzi, fungo la chitsulo chopserera linadzaza khitchini. Ndinaiteula ine.

Atapukuta nkhope anakhala pansi, kukoka kompyuta. Anayamba kugwira ntchito ngati ndine mlendo wobwera ku ofesi.

"Chachitatu?"

"Chenicheni. Ndinayeza tsiku lililonse. Ufunse aliyense."

"Ndifunsa. Zaka zina zonse?"

"Zenizeni."

"Ndidziwa bwanji?"

Sanadikire kuti ndimuyankhe.

Anachotsa miyezi iwiri ya chaka choyamba, miyezi iwiri ya chaka chachiwiri, n'kudina. Mzere wabuluu unasintha ndikuona. Maenje awiri anasanduka mipata, panatsala limodzi lokha kumapeto. Wofiira unapitiriza kukwera ndi kutsika pawokha, wopanda mnzake.

"Chilala chimodzi si umboni wa chilichonse," anatero. "Mwina dzuwa limakhudzadi mvula, mwina ayi. Ine sindikudziwa. Ndabwerera pamene ndinayambira."

"Sungangosiya mmene zinalili? Palibe akudziwa. Amalume ako salankhula."

Sindikudziwa chimene chinanditulutsa mawu amenewo. Mwina ndinkafuna ndimupulumutsire zaka zake zinayi. Mwina ndinkafuna tsamba loyamba lija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

"Ndiye mwandiuziranji?"

"Sindikudziwa."

Anatseka kompyuta, kuiika m'chikwama. Ndinati ndimuperekeze ku siteji, anati miyendo yanga siili bwino, ndikhale. Buledi anamusiya pambale atamudula theka. Pageti anaima, ndinayesa acheuka, koma ankangokonza lamba wa chikwama.

Pamaso pa akuluakulu aja sanakaime. Ndinamva kwa mlamu, amene anamva kwa mwamuna wa mwanayo. Anapita yekha kwa aphunzitsi ake n'kuwauza zonse. Anamupatsa zaka zina ziwiri kuti ayambirenso, koma thandizo la sukulu linali litatha, choncho masana akuphunzitsa ana a sekondale, bukulo akulemba akaweruka. Anzake amene anayamba nawo limodzi anavala kale zipewa zawo. Mwamuna wake akuti ku yunivesiteko ena akadutsana naye amafunsa kuti bambo ali bwanji, akumwetulira. Ndinawadziwa anthu amenewo ndisanawaone.

Mlamu anabweranso patatha masabata awiri, n'kumaliza mbali ija anaisiya. Anati ndachita bwino. Ndinamuuza kuti amete mwakachetechete. Kuchita bwino kwake ndi kumeneku? Iye ana ake anayi amabwera ndi zidzukulu, nyumba kuchita phokoso. Munthu wotero kulangiza n'kosavuta.

Mwezi wathunthu foni sinalire. Kenaka Lamulungu lina masana inalira, dzina lake likuwala. Ndinaigwetsa pansi pofuna kuyankha.

"Ababa, muli bwanji?"

"Ndili bwino, mwanawe. Kaya iwe? Bambo a kunyumba?"

"Tili bwino. Muli ndi cholembera pafupi? Ndikufuna tikonze mabukuwa. Mabuku ndi abwino, zaka zambiri zikugwirizana ndi zithunzi za m'mlengalenga, ndafufuza. Koma miyezi inayi ija ndikufuna ndidziwe tsiku ndi tsiku, liti munayezadi, liti munalibe. Sindikufuna kutaya masiku abwino limodzi ndi oipa. Ndiziwerenga deti, inu muzinena."

"Ndamva."

"Pa faifi, mwezi woyamba uja. Mwalemba ziro."

Ndinatseka maso. Pa faifi mayi ake anali asanawagoneke. Tinanyamuka pa seveni, chifukwa pa sikisi ndinakagulitsa njinga.

"Limenelo ndinayeza. Ziro weniweni."

"Pa eyiti?"

"Kamzere. Ndinali pa benchi ya kunja kwa wodi. Mayi ako anandituma malalanje, ndinayenda tawuni yonse osawapeza, pobwera anati sakuwafunanso."

Ndinamva cholembera chikuyenda.

"Pa naini?"

Tinachita masiku khumi, kenaka anati akuthamangira kwina, adzaimbanso. Anaimbadi Lamulungu lotsatira, ndi linalo. Amayamba ndi moni waufupi, kenaka madeti. Nthawi zina ndikawonjezera za mayi ake, zimene ananena tsiku limenelo, amene anabwera kudzazonda, samandidula, ndipo ndimamva kuti wasiya kulemba. Koma safunsa. Ndikamaliza amangoti, "Pa teni?" Masiku ena sindikumbukira ngakhale pang'ono, ndipo ndimamuuza choncho. Amati palibe kanthu, n'kulemba kamzere.

Za kubwera sanatchulepo. Inenso sindinafunse, kuopa yankho.

Masiku onse okayikitsa alipo zana limodzi ndi khumi ndi asanu ndi atatu. Ndinawalemba kuseri kwa kalendala, ndipo tikamaliza limodzi ndimalidula. Poyamba tinkachita khumi pa foni imodzi. Masiku ano ndimachedwa dala, ndimati dikira ndiganize, ngakhale tsikulo ndikuliona bwinobwino ngati dzulo. Ndikuganiza kuti akudziwa. Lamulungu lapitali tinachita anayi okha, ndipo sanadandaule.

Atsala makumi awiri ndi atatu. Akatha amenewo sindikudziwa kuti adzaimbiranso chiyani.